Chikasu cha Madalo

Anakumana pa siteji ya Makwasa, m'mawa wa chiperoni. Zelipa anali atabereka mwana wake Madalo, ngakhale mwanayo anali wa zaka zisanu ndi chimodzi, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwa mayi ake.

"Mayi, msana uthyoka umenewo. Bweretsani ndikulandireni," anatero mnyamata amene anaima pambali pake.

Anali Crispin, kalaliki watsopano wa pa sikelo ku esiteti imene Zelipa ankathyolako tiyi. Kwawo kunali ku Kasungu. Atamunyamula Madalo, anaona maso ake achikasu ndi mikono yodzaza zipsera zodzikanda.

"Akudwala chiyani?"

"Tikanadziwa bwenzi tili pano?" anayankha Zelipa. "Ena akuti malungo, ena akuti chikasu wamba. Agogo ake akuti ndi za anthu. Mkodzo wake umachita ngati tiyi wopanda mkaka."

Madzulo ake foni ya Zelipa inalira, unali uthenga wa Crispin. "Mwayenda bwanji ndi kamfumukazi kathu? Maso anu otopa aja sakundichoka m'mutu."

Zelipa anaseka yekha. Chichokereni bambo a Madalo ku Joni, kumene anangoti zii, ndani anamufunsapo kuti wayenda bwanji?

Sipanatenge nthawi, "inu" anasanduka "iwe". Pa sikelo Crispin ankanong'ona, "Duwa langa, lero wawala kuposa munda wonsewu." Loweruka ankabwera ndi mandasi, n'kukhala pakhonde akumuwenga Madalo zikhadabo kuti asadzivulaze podzikanda. Mwanayo anayamba kumutchula kuti ankolo.

"Zeli, mtolo uwu si wako wekhanso," anatero tsiku lina atamugwira dzanja. "Kumene upite ndi mwanayu, ine ndili pambuyo. Akangochira, nditumiza ankhoswe kwanu."

Atawatumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre, Crispin anapempha tchuthi n'kupita nawo. Kumeneko achipatala anamutenga magazi Madalo, anamujambula pamimba, kenako anamulowetsa m'chimakina chaphokoso atagona chagada. Pomaliza anamugonetsa tulo n'kutapa kachidutswa ka chiwindi ndi singano. Zotsatira zinachedwa. Anabwerera ku Thyolo, anapitanso, anabwereranso.

Tsiku la zotsatira, adokotala, mayi wofatsa wa imvi pang'ono, anajambula chiwindi papepala.

"Muli tinjira umu timene ndulu imadutsamo popita m'matumbo. Ta mwana wanu tatupa ndipo tikuning'a pang'onopang'ono. Ndulu ikubwerera m'magazi. N'chifukwa chake maso achikasu, n'chifukwa chake kuyabwa. Ndi matenda osowa kwambiri. Simunalakwitse kanthu, mayi, ndipo palibe amene anamulodza."

"Ndiye achira liti, adokotala?" anafunsa Crispin.

Adokotala anaika cholembera pansi. "Sindikunamizani, bambo. Awa sachizika. Timangowachepetsa mphamvu. Azimwa mankhwala othandiza ndulu kuyenda, ena a kuyabwa, ndi mavitamini. Akatentha thupi, muzithamanga naye osadikira. Kanjira kakatsekeka, pamafunika kukatsegula. M'tsogolo mwina adzafunika chiwindi china, ndipo zimenezo zimachitikira kunja."

Mu minibasi pobwerera, Zelipa anatsamira phewa la Crispin. Koma Crispin ankangoyang'ana pawindo.

Miyezi inapita. Maso a Madalo ankayera pang'ono, kenako thupi n'kutentha, ulendo wa ku Blantyre n'kuyambiranso. Zelipa ankagona pansi pa bedi la mwana wake mu wodi, pobwera n'kukapepesa kwa akapitawo. Crispin anayamba kuperekeza mpaka pa siteji pokha. Kenako ankangotumiza uthenga. "Muyende bwino, wapamtima. Ntchito yandipanikiza."

Tsiku lina uthenga unali wautali. "Zeli wanga, andisamutsira ku esiteti ya ku Mulanje mwadzidzidzi. Netiweki kumeneko ndi yovuta. Usade nkhawa, mtima wanga ndausiya kwa iwe ndi Madalo."

Zelipa anakhulupirira. Akanatani? Ankatumiza mauthenga, mayankho n'kumabwera mwa apo ndi apo, ofupika ngati a munthu amene ali pa liwiro.

Mvula itagwa, tiyi anaphuka kwambiri, ndipo akapitawo anatumiza gulu la Zelipa kukathandiza ku divishoni ina ya esiteti yomweyo, cha ku Nchilamwela. Masana anafola ndi madengu awo kupita pa sikelo. Zelipa atafika kutsogolo, anatula dengu n'kudzutsa mutu.

Pa sikelo panali Crispin.

Mayi wina wa kumeneko, poona awiriwo akungoyang'anana, anaseka. "Mukuwadziwa akalaliki athu? Anachita kupempha okha kubwera kuno. Akuti kwanuko kunawatopetsa."

Crispin anamukokera Zelipa kuseri kwa thirakitala.

"Zeli, ndimvere kaye."

"Kuno ndi ku Mulanje?"

"Ndinkaopa kukuuza. Ndimakukonda, Mulungu akudziwa. Koma mawu a adokotala aja anandithyola mawondo. Ndinkaganiza kuti ndi za miyezi yochepa, mwana achira, ife tiyamba moyo wathu. Koma moyo wonse m'chipatala? Ndinatopa, Zeli."

Zelipa anamuyang'ana. Ankayembekezera kuti alira kapena akalipa, koma m'thupi munalibe mphamvu ya zimenezo.

"Ukanangonena," anatero motsitsa mawu. "Mwana uja amakhala pakhonde Loweruka lililonse. Ndimamuuza kuti ku Mulanje n'kutali."

"Ndizitumizako kenakake..."

"Ayi. Yezani tiyi wanga, bambo. Anzanga akudikira."

Crispin anayeza. Zelipa anatenga dengu lake n'kubwerera m'munda, ndipo anathyola mpaka nthawi yoweruka.

Atafika kunyumba anapeza Madalo atakhala pa mphasa, agogo ake akumupaka mafuta kumsana. Zelipa anasamba m'manja, anatenga botolo la mankhwala ndi supuni, n'kugwada pafupi naye.

"Amama, ankolo abwera Loweruka?"

Agogo anamuyang'ana Zelipa. Bodza linali pafupi, lija la masiku onse. Koma nalonso linali litamutopetsa.

"Sabweranso, mwanangu."

Madalo anakanda bondo lake pang'onopang'ono.

"Atopa nane?"

"Atopa ndi ulendo. Iwe sunalakwe kanthu."

"Nanga inu, amama? Mudzatopa?"

Zelipa anathira mankhwala mu supuni mosamala kuti asatayike ngakhale dontho.

"Ine ndinatopa kalekale," anatero. "Koma ndili pompano. Yasamula."