Talikini ya Che Bakili

Che Halidi ankawerenga Kurani ndi pakamwa, mphuno ili kophikira. Pa sadaka iliyonse yopempherera akufa, fungo la nyama likangofika pamkeka, mawu awo ankayamba kuthamanga ngati munthu wothawa mvula, chala chamalovu chikutsegula masamba awiriawiri. Ndani akanawagwira? M'midzi ya kwa Ndunde munalibe wina wodziwa Chiarabu. Anthu ankangoti amina, mwalimu n'kusamba m'manja.

Tsiku limenelo, m'chaka cha 1954, sadaka inali ku Namitambo, ndipo ananyamuka kutada chifukwa chodikira mutu wa mbuzi. Anaukulunga m'masamba a nthochi n'kuuponya m'thumba limodzi ndi kitabu cha mapemphero. Swala, pemphero la usiku, anati akaswalira kunyumba. Ankatero masiku onse.

Njira yachidule inkadutsa m'mphepete mwa manda a Asilamu. Atayandikira mitengo ya kumandako, fungo linawachingamira. Silinali la nyama yowola, limenelo ankalidziwa bwino. Linali la dothi lonyowa ndi la m'kamwa mwa munthu amene wagona ndi njala masiku ambiri. Analavula. Ananunkhiza thumba. Mutu unali bwinobwino.

"Salamu alaikumu, mwalimu."

Pachitsa panakhala munthu wowonda, atafunda nsalu yoyera yothimbirira ndi matope. Mwezi unamuwalira mbali imodzi: khutu linali loduka. Ntchentche zinkayenda pamilomo pake. Ntchentche usiku! Iye osazipirikitsa n'komwe.

Che Halidi anayankha moni atatseka mphuno, n'kuwonjezera mayendedwe. Fungo silinatsale. Linali paphewa pawo.

"Munandiuza kuti abwera awiri, adzandikhazika pansi, adzandifunsa," anatero munthuyo. "Simunaname. Anabweradi."

Amenewo ndi mawu a talikini, malangizo amene amawerengedwa pamanda akangomaliza kukwirira, kuti wakufa adziwe choyankha angelo awiri akamufunsa.

"Ndinu ndani?"

"Pansipo munthu amaiwala ndi dzina la amake lomwe, mwalimu. Chotsala m'mutu ndi chimene mwamuuza inu."

Ndipo anayamba kuwerenga. Mawu ake... anali a Che Halidi! Liwiro lomwelo. Kupuma komweko. Anawerenga mpaka pakati, kenako pakhosi pake panalira kwiti, monga munthu womeza malovu ataona mbale.

"Apa m'pamene munanyamuka. Iwo akudikirabe. Malizani."

Mwalimu anapisa m'thumba. Kitabu chinatuluka chonona, magazi ndi mafuta a mbuzi zitamatiriza masamba, ubweya utakakamira pachikuto. Koma chikanakhala chouma sichikanathandiza, pakuti iwo ankangotchula zimene analoweza pamtima. Che Halidi anathawa kwa shehe wawo ali mnyamata, talikini ataifikitsa pomwepo. Kuyambira pamenepo ankangong'ung'udza, n'kukweza mawu kumapeto kuti anthu ati amina.

Anang'ung'udza.

Munthuyo anasendera. Anatchera khutu lotsalalo. Ntchentche imodzi inatera padzanja la mwalimu. Yozizira.

"Zimenezo ndinaziyesa kale. Akuti si chilankhulo cha munthu aliyense."

"Mawa... ndibwera mawa..."

"Tilipo ambiri, mwalimu. Ine angondituma."

M'mitengo muja munamveka kwiti. Kwiti. Kwiti. Makhosi ambirimbiri akumeza!

Che Halidi anathawa. Nsapato imodzi inatsala m'njira. Pamtsinje anagwada n'kusanza nyama yonse ya ku Namitambo, kenako n'kuthamanganso.

Akazi awo atatsegula chitseko anabwerera m'mbuyo, nsalu ili pamphuno.

"Mwagwera m'chimbudzi, bambo?"

Anafotokoza zonse, mawu akuduka. Atatchula khutu, mayiyo anatsitsa nyali pansi.

"Lakumanja?"

"Eya."

"Ndi Che Bakili amenewo, aja anaduka khutu kunkhondo. Anamwalira chaka cha njala, izi ndi zaka zisanu. Munawaika ndinu. Simukuwakumbuka?"

Sankawakumbuka. Chaka chimenecho maliro anali tsiku ndi tsiku, ndipo iwo sankayang'ana nkhope.

"Achimwene anandiuza kuti munachoka pamanda anthu akadali chigwadire, mutamva kuti kusiwa aphika phala la gaga. Ine ndinawakalipira, ndati akunyoza mwalimu." Anawayang'ana kuyambira kuphazi lopanda nsapato mpaka kundevu zamasanzi. "Ndiye bwanji simunawamalizire lero? Si munali ndi kitabu?"

"Sindidziwa kotsalako."

"Mwati?"

"Sindinaphunzire."

Mayiyo anafunsa motsitsa mawu.

"Nanga amayi anga?"

Che Halidi anaweramitsa mutu.

Mkaziyo sanalire. Anatuluka n'kulavula pabwalo, nabwera ndi madzi m'chipanda.

"Sambani kunja. Pamkeka wanga pasagone chinthu chonunkha chotere. Zaka zonsezi ndakhala ndikudya nyama ya pa sadaka, ndili kunyada kuti ndakwatiwa ndi mwalimu! Amayi ali pansi kudikira mawu, ine ndikunyambita zala."

Usiku wonse anakhala pakhonde. Anaganiza zothawira ku Halale, kumene palibe wowadziwa. Koma kumeneko nako kuli manda, ndipo tsiku lina adzagona m'menemo, wina n'kuima pamwamba pawo ndi kitabu.

Tambala woyamba atalira anatenga udhu, kusamba kwa swala, mosathamanga, naswali. Kenako analowa n'kuyala nsalu pansi. Anaikapo mkanjo, bulangete ndi kabolodi kamatabwa kolembapo ana a kumadrasa, kamene kankatsekera bowo la makoswe.

"Ndikupita kwa shehe kunyanja," anatero. "Ndikakhala pansi pamodzi ndi ana. Wina akamwalira, muitane mwalimu wa ku Zomba."

"Adzakusekani ndi imvi zanuzo."

"Aseke."

"Mukabwera, muyambire kwa amayi. Mukalephera, njira ya m'mudzi uno muyiiwale."

Che Halidi anakoka nsonga zinayi za nsalu, namanga mfundo ziwiri.