Pepala la Kuchipatala Linati M'mutu Mulibe Kanthu

Ndani ankawotcha tsitsi pa yadi pathu? Anafunsa funso limeneli ndi amuna anga, a Idrisa, madzulo ena m'mwezi wa Meyi.

Ndinali kuanula zovala pachingwe, mwana wathu Bilali ali kumsana. Pa yadi yathu ku Winterveld, kuno ku Joni, pali zipinda zamalata zisanu ndi ziwiri, ndipo tonse okhalamo ndife a ku Mangochi ndi ku Machinga. A Idrisa anali atangotsika tekisi kuchokera ku Pretoria West, kumene ankawotcherera mageti. Anaima pafupi ndi mpopi, nakwinya mphuno.

"Mayi a Bilali, ndani akuwotcha tsitsi?"

Ndinanunkhiza. Ndinangomva parafini wa m'masitovu ndi fumbi. Ndisanayankhe, maso awo anatembenuka, thupi linauma gwaa, nagwa chagada. Zidendene zinayamba kumenya pansi, thovu likutuluka kukamwa.

Anthu onse anathawa. Kwathu amati wakhunyu akaphwisa atagwa, wopuma mpweya umenewo amatenga nthendayo. Mayi Sofia a chipinda choyandikana nafe anandikokera kuseri kwa chimbudzi, akuti ndiganizire mwana. Ndinaonerera patali amuna anga akuphupha okha pafumbi. Sindinalire. Ndinangodikira mpaka anasiya.

Mwezi womwewo anagwanso kawiri, ndipo nthawi zonse ankayamba ndi kumva fungo la tsitsi lopsa limene ife sitinkalimva. Manong'onong'o anayamba. Anthu anakumbukira Che Faruk a chipinda chakumapeto, amene anapezeka m'mawa wina atafa chafufumimba pamkeka wawo, opanda bala. Akuti anali atameta dzana lake. A Idrisa nawonso ankameta Lachisanu lililonse asanapite kumzikiti. Wometa pa yadi anali mmodzi yekha, Che Abasi, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, amene ankakhala pansi pa mtengo wa pageti. Akamaliza ankasesa tsitsi lonse n'kuliika m'jumbo, ndipo palibe ankadziwa kumene linkapita. Ena ankalumbira kuti amamva makina awo ometera akulira m'chipinda, loko ali pachitseko, eni ake kulibe.

Ine ndinafika fomu folo, ndipo sindithamangira zinthu. Ndinawachonderera amuna anga mpaka tinapita ku kiliniki. Anatipatsa mapilitsi oti azimwa m'mawa ndi madzulo, komanso kalata yopita kuchipatala chachikulu m'tauni, kukajambula mmene ubongo ukugwirira ntchito. Amati EEG.

Tinapita mu Julayi, kukuzizira. Anali atatiuza kuti asambe m'mutu bwinobwino, asadzole mafuta. Mayi woyeza anawazunguliza tepi kumutu ngati telala, nalemba timadontho ndi pensulo yofiira, kenako namata timawaya toposa makumi awiri ndi zinthu zoyera zonga phala. Anawagoneka. Tsinzinani, penyani, pumirani m'mwamba, kenako getsi lophethira kumaso. Pakompyuta pankayenda timizere tonjenjemera. A Idrisa anandinong'oneza kuti ndimuuze mayiyo asawerenge zonse, m'menemo muli zinsinsi za amuna. Aka kanali komaliza kuwamva akuchita nthabwala.

Tsiku lotenga zotsatira, dokotala anatiuza kuti timizere tija sitinaonetse vuto. Ankalankhula Chingerezi pang'onopang'ono, ndipo ine ndinamva zonse. Anati makinawo amangomvera theka la ola limene munthu wagona pamenepo, ndipo anthu ambiri akhunyu amaoneka abwinobwino ngati sakugwa nthawi imeneyo. Anati tibwerenso mu Seputembala, a Idrisa atachezera osagona, chifukwa ubongo wotopa subisa. Anati asasiye mapilitsi, ndiponso asamadzitsekere posamba.

A Idrisa anatolapo chimodzi chokha: sanapeze kanthu.

Pa yadi pepala lija linayenda m'manja mwa aliyense, ngakhale osadziwa kuwerenga. Che Tahir, amene amatiweruza pakakhala nkhani, analiyang'ana nthawi yaitali.

"Makina aona kuti mutu uli bwinobwino. Nanga chikumugwetsa munthuyu n'chiyani?"

Ndinayesa kufotokoza zimene ananena dokotala. Ndinalankhula motsitsa mawu, chifukwa panali amuna okhaokha kutsogolo.

"Eish, Zakiya," anatero Mayi Sofia, "fomu folo yakoyo idzakuphetsa mwamuna."

Sindinabwerezenso.

M'mawa mwake, ndikusesa, ndinapeza kanthu pansi pa njerwa ya pakhomo pathu. Kanali kamtolo ka tsitsi komanga ndi ulusi wakuda, kopserera mbali imodzi. Ndikanakataya m'chimbudzi. Koma Mayi Sofia anali ataona kale.

Amuna a pa yadi anapita kwa Che Abasi. Iwo anati tsitsi la anthu amalikwirira, monga anawaphunzitsira amene anawapatsa ntchitoyo, kuti lisapondedwe. Atauzidwa kuti aloze malowo, analoza kuseri kwa mpanda. Anakumba mpaka m'mawondo, osapeza ngakhale tsitsi limodzi. Che Abasi anangoyang'ana dzenjelo. Amuna aja anawaphwanyira mpando ndi galasi. Dzuwa lisanapendeke anali atanyamula chikwama, kulowera cha ku Mabopane, ndipo sitinawaonenso.

Sabata yomweyo a Idrisa anasiya mapilitsi. Ankati amawagonetsa tulo kuntchito, ndipo mwini nthendayo wachoka. Ndinkawaikira piritsi pambali pa kapu ya tiyi, iwo n'kulibwezera m'botolo. Panapita masabata atatu osagwa. Anthu ankawagwira chanza pageti. Tsiku lobwerera kuchipatala linafika, linadutsa.

Lamlungu lina m'mawa ndinapita ndi Bilali kukagula buledi. A Idrisa ananyamula beseni la madzi kulowa m'bafa yamalata, nakoloweka waya wa chitseko mkati. Mayi Sofia anamva malata akugunda. Che Tahir nawonso anamva, ndi ena atatu. Anabwera, naima chapatali.

Pamene ndinkafika, malata anali atasiya kulira. Ndinapeza anthu aja ataima chomwecho, ena atatseka mphuno ndi nsalu.

"Timadikira kuti mpweya uyambe watuluka," anatero Che Tahir.

Ndinamutsitsa mwana, ndinakoka chitseko mpaka waya anaduka. A Idrisa anali chogwada, nkhope ili m'beseni. Madziwo sankafika n'komwe pamfundo ya dzanja langa.

Tinawaika konkuno ku Joni tsiku lotsatira. Amayi awo ku Mangochi anamvera maliro pafoni. Ine ndinkachita zimene ankandiuza: khala apa, ndinkakhala, imwa madzi, ndinkamwa.

Patatha sabata, Mayi Sofia anapeza kamtolo kena pansi pa njerwa ya pakhomo pawo. Ulusi wakuda womwewo, kupserera komweko. Che Abasi anali atachoka kalekale. Ulendo uno palibe anakumba, palibe anaitanitsa bwalo. Koma kuyambira pamenepo amayi amalowetsa ana awo m'nyumba ine ndikamapita kumpopi. Ndinamva wina akunena kuseri kwa malata kuti wogona pafupi ndi mutu wa mwamuna safuna wometa kuti apeze tsitsi lake. Sindinatuluke kukamuyankha. Sindidziwa amene amamanga tsitsilo. Sindidziwa ngati anali munthu kapena nthenda chabe, ndipo ndinasiya kufunsa.

Bilali tsopano ali ndi zaka ziwiri ndi theka. Sabata yatha, akudya, anangoima supuni ili m'manja, maso ali pakhoma. Ndinamuitana katatu asanatembenuke. Mwina ankangoganiza zake, monga amachitira ana. Ndinapita nayebe ku kiliniki, ndipo anatipatsa tsiku la mu Febuluwale kuti akamumate timawaya tija. Pepala likadzati mulibe kanthu, ndidzabwereranso, ndipo sindidzalionetsa munthu.

Koma Febuluwale ali kutali. Ndinapeza ntchito yokolopa m'mafulati ku Sunnyside, ndimachoka m'mamawa, ndipo mwanayo amatsala pa yadi pomwepo, ndi anthu omwewo, chifukwa ndilibe kwina komusiya.

Ndiye ndikupemphani inu amene mukumva izi, kaya mumakhulupirira za ufiti kaya ayi. Mukadzaona munthu wagwa khunyu, wamkulu kapena mwana, musathawe. Ine ndagona chipinda chimodzi ndi wakhunyu miyezi inayi, ndipo sindinagwepo. Muchotseni pamadzi ndi pamoto, musamuike kanthu m'kamwa, mum'goneke chammbali, ndipo mukhale naye mpaka adzuke. Akadzakhala kamnyamata kovala juzi yobiriwira, dzina lake ndi Bilali. Muzimuitana dzina lakelo, kuti potsitsimuka adziwe kuti pali munthu.