Belu Lomwe Silinalire

Anakumana m'sitolo ya ziwiya momwe mtsikanayo ankagulitsa. Dalaivala wa lole ya buledi analowa akumwetulira, n'kuloza wotchi yabelu yomwe inachita fumbi pashelefu.

"Imeneyo ndi ya makedzana, yopukusa pamanja," anaseka mtsikanayo. "Foni mulibe?"

"Ndili nayo. Koma ndikakhala ndi chiphadzuwa ngati iwe ndimaizimitsa. Tsono andidzutse ndani?"

Pakamwa pa mwamuna ameneyu panali uchi! Mtsikanayo anamuonetsa makiyi awiri a kumbuyo kwa wotchiyo, wina woyendetsa nthawi, wina woliza belu. Mwamunayo m'malo moyang'ana makiyi ankayang'ana zala.

Pasanapite nthawi anamusiyitsa ntchito. "Duwa langa lisamafote ndi kuimirira tsiku lonse. Chaka chino chisanathe, mphete ilowa pachala ichi!"

Mayi aang'ono a mtsikanayo, omwe anamulera, anayesa kumuletsa. Iye anawayankha mwamwano, n'kunyamula chikwama. "Tidzaonana paukwati!"

Chipinda chomwe dalaivala anamuchitira lendi chinali ndi bedi, mpando umodzi ndi zenera loyang'ana khoma la mpanda. Wotchi ija inakhala pampandopo. Mwamunayo ankafika masana akamaliza kugawa buledi, n'kuzimitsa foni, kudya, kenako kutsamira pamiyendo pake.

"Pukusa wotchi, Duwa langa. Ndikachedwa kubweza lole abwana andichotsa ntchito."

Duwa, monga ankamutchulira, ankapukusa makiyi onse awiri ndi manja ake omwe. Belu likangoti ngrrr, munthu uja dzambatu, nsapato kuphazi, ulendo! Sanaonepo dzuwa likulowa ali m'chipindamo. Wotchi yokha ndiyo inkatsala, ikucheza ndi mtsikana wopanda ntchito, wopanda kopita. Ankadana nayo ngati mkazi mnzake.

Kenako Duwa anazindikira kuti ndi woyembekezera. Mantha ndi chimwemwe zinamugwira pamodzi. Koma nkhani yotere ungaiyambe bwanji kwa munthu amene akusinza? Akati adikire adzuke, belu linkamulanda mawu pakamwa.

Tsiku lina anati zakwana. Anapukusa kiyi wa nthawi yekha, wa belu n'kumusiya. Wotchi inkagunda bwinobwino, ndipo dalaivala anagona tulo tofa nato. Nthawi yonyamuka inakwana, n'kudutsa mwakachetechete. Duwa ankamusisita m'mutu. Lero lokha abwana akalipe, mwamunayu amve za mwana wake!

Mwamunayo anatsegula maso chipinda chitayamba kuda. Anayang'ana wotchi, n'kukuwa.

"Mayo ine! Mwana! Mwana ali yekha pageti la sukulu! Amayi ake andipha lero!"

Duwa anamutembenukira.

"Mwana wa ndani?"

Dalaivala anali atayatsa kale foni. Mauthenga anayamba kugwa motsatizana, ndipo Duwa anawerenga umodzi ali kumbuyo kwake: "Bambo a mwana, muli kuti? Aphunzitsi andiimbira kuntchito. Mwana walira mpaka mawu atha!"

"Ndikufunsa, mwana wa ndani? Suja munkati ndi lole?"

"Ntchito yako inali imodzi yokha!" anakalipa mwamunayo akusakasaka nsapato kunsi kwa bedi. "Kupukusa wotchi basi! Nanga taona zomwe wandichita!"

"Ndakuchitani ine? Ine?"

"Tikamba mawa, Duwa langa. Usalire. Ukudziwa kuti mtima wanga uli kuno."

Anatuluka osamanga n'zingwe za nsapato zomwe. Duwa anamuthamangira mpaka pakhomo.

"Inenso ndili ndi pakati!"

Lole inali italira kale. Amene anamva ndi mayi woyandikana naye nyumba, yemwe ankaanula zovala pachingwe. Mayiyo anamuyang'ana pamimba, n'kumuyang'ana kumaso.

"Kwanu akudziwa, mwanawe?"

Duwa anabwerera m'chipinda muja n'kudzitsekera.