Tikiti Nambala 0008

Mtembo unapezeka Lachitatu, 7:10 m'mawa, m'ngalande ya kumapeto kwa bwalo lomwe khonsolo inkakonza kuti likhale loimikapo magalimoto. Anaupeza ndi dalaivala wa chigalimoto chosalaza nthaka, yemwe anatsika kuti akataye madzi koma n'kubwerako akuthamanga, lamba ali m'manja.

Sajeni anafika 7:45. Anali mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wamfupi, wa mawondo ovuta. Pa zaka zonse zimene anafufuza milandu anakwezedwa kamodzi kokha. Anzake ankati vuto lake ndi pakamwa. Iye ankati vuto ndi makutu a mabwana.

Anatsetserekera m'ngalandemo atagwira udzu. Womwalirayo anali bambo wachikulire, atagona chafufumimba, nkhongo itaphwanyika. Pambali pake panali buloko la simenti la magazi. Tepi yoyezera inali itatambasuka kuchokera m'dzanja lake mpaka pa chikhomo china chapafupi ndi msewu. Foni ndi kachikwama ka ndalama zinali m'thumba.

"Si akuba awa," anatero Sajeni. "Ndani amenewa?"

"Ndi Amapulani a ku khonsolo," anayankha kapitawo wa ntchitoyo, chipewa chili m'manja. "Bwalo lonseli analijambula ndi iwowa. Zaka zitatu akulimenyera nkhondo."

Kapitawo anafotokoza. Anthu a m'mbali mwa mzinda azidzasiya magalimoto awo pano m'mawa n'kukwera mabasi akuluakulu kupita m'tauni, kuti msewu upume. Magalimoto 400. Ndalama zina zinachoka ku khonsolo, zina ku bungwe lina lothandiza, ndipo anthu a bungwelo amabwera Lachisanu kudzaona malowo asanatulutse gawo lomaliza.

M'thumba la malaya a malemu Sajeni anapeza katikiti. Panalembedwa 0007, Lachiwiri, 5:38 madzulo.

"Ndi ya makina a pachipata aja," anatero kapitawo. "Tawamanga dzulo lomweli. Munthu ukadina batani, tikiti imatuluka, chitsulo n'kunyamuka. Tinayesa kasanu ndi kamodzi masana, kenako tinaweruka 5 koloko."

"Nanga potuluka?"

"Kotulukira sitinamangeko kanthu. Umangodutsa."

Sajeni anayenda mpaka pachipata n'kudina batani. Makinawo anakhosomola n'kulavula tikiti. 0009.

Anaiyang'ana kwakanthawi. Kenako anauza kapitawo kuti atsegule makinawo. Mkati munali kapepala kosunga zonse. Tikiti ya nambala 0008 inatuluka 5:52, patangopita mphindi khumi ndi zinayi malemu atalowa. Dokotala atafika ananena kuti imfa inachitika pakati pa 5 ndi 7 koloko madzulo.

Pobwerera ku polisi cha m'ma 11, Sajeni anapeza mlandu utatha kale popanda iye. Bwana wamkulu anamuitana mu ofesi, akumwetulira.

"Tam'gwira, Sajeni. Ali m'chitokosi. Mkulu wa eni maminibasi uja."

"Wam'gwira ndani, bwana?"

"Ndatuma anyamata. Mzinda wonse unamumva pa msonkhano wa mwezi watha akunena kuti bwalo limenelo lidzatsegulidwa iye atafa, kapena wina atafa. Lembani chikalata. Lachisanu kukubwera alendo, sindikufuna nkhaniyi ikhale yosamangika."

"Ndiyambe ndacheza naye."

Munthuyo anthu ankamutchula kuti Handibuleki, chifukwa msonkhano uliwonse umene walowa sunkayenda. Anakhala m'chipinda chofunsira mafunso miyendo ili tang'a, malaya osamanga mabatani.

"Munati wina afa," anayamba Sajeni.

"Ndinanena. Ndipo mukandipatsa maikolofoni ndinenanso kuti bwalo limenelo ndi lotilanda chakudya pakamwa. Mabasi awo akuluakuluwo akayamba, ife tidzanyamula ndani? Mbuzi?"

"Dzulo 5:52 munali kuti?"

Handibuleki anaseka mpaka tebulo kugwedera. "Afunseni anzanu a pamsewu. Anandiimika pa mlatho kuti ndanyamula anthu opitirira muyeso. Kuyambira hafu pasiti 5 mpaka cha m'ma 7 ndinali nawo, tikukangana. Mwinatu ndi koyamba apolisi kundichitira zabwino."

Kenako nkhope yake inasintha.

"Mdala uja ndinkalimbana naye, mayi, koma sanali wabodza. Sabata yatha anandipeza pa depoti n'kundiuza kuti, 'Iwe ukulimbana ndi bwalo, koma amene akulidya ndi anthu ovala matayi.' Ndinaganiza kuti akungondinyengerera."

Buku la apolisi a pamsewu linagwirizana ndi mawu ake. Sajeni analiika pa tebulo la bwana wamkulu. Bwanayo sanalitsegule.

"Akhoza kukhala kuti anatuma munthu."

"Akhoza. Mukam'peza wotumidwayo mundiuze. Koma chikalata chimenecho sindisaina."

"Sajeni, mwatsala ndi zaka zingati kuti mupume pantchito?"

"Zitatu, bwana. Ndiye sizochuluka zoti n'kundiopsezera."

Anatuluka osatseka chitseko.

Lachinayi 9 koloko m'mawa anapita kunyumba kwa malemu. Pabwalo panali anthu ambiri, koma mkazi wa malemuyo anam'lowetsa kuchipinda chaching'ono chakumbuyo, kumene mwamuna wake ankagwirira ntchito. Munali tebulo lalitali, mapensulo osongoledwa bwino m'chitini, ndi makatoni a mafayilo mpaka kudenga. Mayiyo maso anali ofiira koma ouma.

"Masiku ake awiri omaliza sankadya," anatero. "Lachiwiri masana anabwera kudzatenga tepi. Anati akufuna akayezenso yekha, asanene munthu bodza."

"Munthu wake uti?"

"Sanatchule. Koma anandisiyira ichi, anati ndisam'patse wina aliyense wa ku khonsolo."

Anasolola envulopu yaikulu kuseri kwa kabati. Munali mapu awiri a bwalo lomwelo. Oyamba anali ndi siginecha ya malemu, bwalo likufika mpaka kumsewu. Achiwiri anali ndi chidindo cha komiti ya chitukuko ya khonsolo, ndipo ngodya yonse ya kumsewu inali itadulidwa n'kulembedwa dzina la kampani ina yofuna kumanga malo omwetsera mafuta. Malo osainira Amapulani anali opanda kanthu. M'mphepete malemu analemba ndi pensulo: apa palowa magalimoto 260 basi.

"Wapampando wa komiti imeneyi ndi ndani?" anafunsa Sajeni.

Mayiyo anam'yang'ana m'maso. "Ndi achimwene anga. Ali panjapo, ndi amene akuyendetsa zonse za maliro."

Sajeni anawapeza pansi pa mtengo akulamula anthu onyamula mipando. Wapampando anali bambo wamtali, wa suti yakuda yosita bwino, mawu ake ofatsa ngati a munthu wozolowera kumveredwa.

"Alamu anga anali munthu wa ntchito," anatero akupukusa mutu. "Amaminibasi atipweteka. Ndamva mwam'gwira kale wina."

"Kubwalo kuja munapitako liti komaliza, bambo?"

"Lolemba m'mawa, ndi komiti yonse. Lachiwiri ndinali ku ofesi mpaka 6 koloko."

"Zikomo. Kodi mukulowera cham'tauni? Galimoto yathu yapita kwina, ndipo mawondo angawa salola."

Sanathe kukana pamaso pa anthu. Galimoto yawo inali yaikulu, yonunkhira sopo, yotsukidwa kumene mpaka matayala. Sajeni anakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo. Iye ankadziwa chinthu chimodzi cha anthu oyendetsa galimoto: dzanja likalandira tikiti pachipata limaiika pamalo amodzimodzi, mwini wake osaganizako n'komwe. Anayang'ana m'kabowo koikamo kapu. Munalibe. Pafupi ndi giya munali makiyi okha. Atakhota pa mphambano dzuwa linawathobwa m'maso, ndipo Wapampando anatsitsa chotchingira dzuwa. Kuseri kwake kunali timapepala topanidwa ndi labala, ta m'malo oimika magalimoto a m'tauni. Kapamwamba kanali katsopano.

"Taimani pambali apo, bambo."

"Chavuta n'chiyani?"

Sajeni anavala golovesi n'kukasolola. 0008, Lachiwiri, 5:52.

Nthawi ili 2:15 masana anakhala moyang'anana m'chipinda chofunsira mafunso, makina ojambula mawu ali pakati. Wapampando anakana loya. Anati munthu wosalakwa safuna loya, ndipo anafunsa ngati Sajeni akudziwa kuti bwana wake amadya nawo pa tebulo limodzi.

"Ndikudziwa," anatero Sajeni. "Lero mudya ndi ine."

Anaika tikiti patebulo, m'kathumba ka pulasitiki.

"Makina amenewa anamangidwa Lachiwiri masana. Inu mwati munapitako komaliza Lolemba."

"Mwina dalaivala wanga anapitako."

"Dalaivala wanu ali patchuthi kuyambira sabata yatha. Ndafunsa. Mlembi wanu akuti munatuluka mu ofesi 5:25, foni itangolira. Foni ya malemu ikuonetsa kuti anakuimbirani 5:24. Otsuka magalimoto a pafupi ndi msika akuti munafika kwa iwo cha m'ma 7, n'kuwauza kuti atsuke makamaka chiwongolero ndi pansi poponda. Akatswiri athu ali m'galimotomo panopa. Magazi sachoka ndi sopo wa pamsika, bambo."

Sajeni anatambasula mapu awiri aja. Kenako anaika pamwamba pake pepala la ku ofesi yolembetsa makampani.

"Kampani ya mafutayi mwini wake ndi mwana wanu wamkazi, wa zaka makumi awiri, yemwe ali kusukulu. Akudziwa kuti ali ndi kampani?"

"Mwana wanga musamulowetse."

"Mwamulowetsa ndinu."

Chitseko chinatseguka. Bwana wamkulu anasuzumira, nkhope ili gwa. "Sajeni, tabwerani kaye panja."

"Ndikujambula mawu, bwana. Nthawi ndi 2:31, bwana wamkulu wa polisi ino walowa m'chipinda. Muli ndi choti munene pa mlanduwu kuti chimveke?"

Bwanayo anayang'ana makinawo, n'kuyang'ana Wapampando, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono ali kunja.

Apa m'pamene Wapampando anamasula tayi. Koma sanagwe mphwayi. Anaweramira kutsogolo, chala chili pa mapu.

"Mukudziwa amene anapeza ndalama za bwalo limeneli? Ndine. Zaka zitatu ndikugogoda m'maofesi, kupempha ngati wamasiye. Iye ankangojambula mizere. Popanda ine pakanakhala thengo mpaka lero. Ndiye kangodya kamodzi kokha, kamodzi, munthu asadyepo thukuta lake? A bungwe aja akanabwera Lachisanu, n'kuona fumbi ndi zikhomo, n'kujambula zithunzi, n'kupita. Ndani akanawerenga magalimoto?"

"Iye anawerenga."

"Iye! Ndinam'pempha ngati mlamu. Ndinati saina, nawe ndikuganizira. Anakana. Lachiwiri anandiimbira kuti ndibwere ndidzaone ndekha kuti zikhomo zasunthidwa. Nditafika anandiuza kuti Lachisanu adzaimirira pamaso pa alendo ndi mapu onse awiri. Ndinati, 'Alamu, mukuchititsa manyazi banja.' Mukudziwa anandiyankha chiyani? Anati, 'Gwirani tepi uko, alamu, tiyeze limodzi manyaziwo.' N'kunditembenukira msana, n'kuwerama pa chikhomo, ngati ine ndine kapitawo wake."

"Ndiye?"

"Buloko linali pomwepo." Anayang'ana manja ake. "Kamodzi kokha. Sindinadziwe kuti mutu wa munthu ndi wosalimba choncho."

Sajeni anatchula nthawi, 2:48, n'kumuuza mlandu umene akumuimba. Wapampando anamvetsera chibwano chili m'mwamba.

"Mwapha bwalo lanu lomwe," anatero. "A bungwe akamva zimenezi sapereka kanthu."

"Mwina. Mawa ndikawapatsa ndekha mapu oyambawa, aone okha chochita. Mkulu wa amaminibasi uja ndam'tulutsa 1 koloko, ndipo akuti nayenso akakhalako kukatsutsa. Msonkhano wake ukhala wokoma."

Anayamba kupinda mapuwo. Wapampando anawayang'anitsitsa, ngati akuwaona koyamba.

"Munawapeza kuti amenewa? Ku ofesi kwake ndinafufuza monse."

"Anandipatsa ndi mlongo wanu."

Chibwano chija chinatsika. "Akudziwa?"

"Ali pabenchi panjapo kuyambira 12 koloko. Ndinamuuza kuti apite kunyumba, kuli anthu akumudikira. Wakana. Akuti sakufuna kumva kwa wapolisi kapena pa wailesi, akufuna amve pakamwa panu."

"Mayi, chonde. Nditulutsireni khomo lakumbuyo. Ndikupemphani."

Sajeni anazimitsa makina ojambula mawu, n'kudzuka atagwira bondo.

"Chipinda chino chili ndi khomo limodzi, bambo," anatero, n'kulitsegula.