Eriyo Yoloza Kumapiri

Kanyerere anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Dzina limeneli anamupatsa ndi Bambo ake. Ankati ndi wamng'ono, koma akakwiya amaluma.

Kanyerere ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kumva mawu a Amayi ake.

Amayi anali namwino. Ankagwira ntchito kutali, kuseri kwa mapiri. Kumeneko foni sigwira.

Bambo anali okonza mawailesi. M'chipinda chawo munali wailesi ina yakuda. Sinali ya nyimbo ayi. Inali yolankhulirana ndi anthu akutali. Kumene Amayi ankakhala kunalinso wailesi yotero. Loweruka lililonse, 3 koloko masana, Amayi ankadikira pa wailesiyo.

Loweruka loyamba, wailesi inangoti, "Shiii! Kwerrr!"

Loweruka lotsatira, inatinso, "Shiii! Kwerrr!"

Kanyerere anakwiya. Anatupa masaya. Anamenya tebulo, pha!

"Wailesi iyi ndi yabodza!" anakuwa. "Itayeni, Bambo!"

"Wailesi sinalakwe, mwana wanga," anatero Bambo. "Vuto ndi eriyo. Tiye panja uone."

Pamwamba pa denga panali kachitsulo kamodzi. Kanali kataima njo.

"Iyo ndiye eriyo," anatero Bambo. "Ndilo khutu la wailesi. Koma iyi ndi yamiseche. Imamva za aliyense. Imamva makina a owotcherera zitsulo. Imamva njinga zamoto mumsewu. Mawu a amayi ako amamira m'phokoso."

"Ndiye titani?"

"Tipange ina. Tipange yomva mbali imodzi yokha. Ika dzanja kuseri kwa khutu."

Kanyerere anaika dzanja kuseri kwa khutu. Mawu a Bambo anamveka kwambiri.

Lachisanu Bambo anabweretsa zitsulo zitatu zopepuka. Anabweretsanso thabwa lalitali. Kanyerere anagwira tepi yoyezera. Bambo anadula ndi sowo.

Chitsulo chachitali chinali chakumbuyo. Chapakati chinali cholumikizapo waya. Chachifupi chinali chakutsogolo.

"Chachifupichi ndicho chimaloza," anatero Bambo. "Muyeso usaphonye. Ukaphonya, eriyo simva bwino."

Anasiya zitsulo pakhonde. Anati mawa azimangirira pathabwa.

Loweruka masana Kanyerere anathamangira pakhonde. Anawerenga zitsulo. Chimodzi. Ziwiri.

Anawerenganso. Chimodzi. Ziwiri.

Chachifupi panalibe!

Anayang'ana pansi pa mpando. Panalibe. Anayang'ana kuseri kwa chitseko. Kunalibe.

Kenaka anamva, "Vuuum! Pipiii!"

Anali achimwene ake. Ankayendetsa galimoto yawo yamawaya. Galimotoyo inali ndi chiwongolero chatsopano. Chinali chonyezimira. Chinali chopindidwa bwinobwino.

Kanyerere anachizindikira. Mtima wake unawira ngati madzi a pamoto.

"Achimwene! Chitsulo changa!"

"Ndachitola pakhonde," anatero achimwene. "Ndimayesa n'chotaya."

"Chotaya? Chotaya ndi galimoto yanuyo!"

Kanyerere anakwiya. Anakwiya zedi. Anaponda galimoto, phwanyu! Tayala limodzi linagubuduka mpaka kumsewu.

"Iwe!" anakuwa achimwene.

"Inu!" anakuwa Kanyerere.

Bambo anatuluka. Anaona chitsulo chopindika. Anaona galimoto yophwanyika. Anapukusa mutu.

"Nonse mwalakwa," anatero Bambo. "Ndipo chitsulo china ndilibe. Tidikire Loweruka la sabata yamawa."

"Ayi!" anatero Kanyerere. "Ndadikira kale! Ndatopa n'kudikira!"

Anapita kuseri kwa nyumba. Anakhala pansi, ndwii. Sanafune kuona munthu. Anatola mwala n'kuuponya. Mwala unagunda chinthu, ngwee!

Kanyerere anadzutsa mutu. Chalira ndi chiyani?

Chinali chokolopera chakale. Nsanza zake zinatha kalekale. Koma chogwirira chake chinali chachitsulo. Chinali chopepuka. Chinali chowongoka.

Kanyerere anachinyamula. Anathamanga nacho.

"Bambo! Ichi sichingathe?"

Bambo anachitembenuza uku ndi uku. Anayang'ana wotchi.

"Tiyese," anatero. "Iwe yeza. Ine ndikonze waya."

Kanyerere anayeza. Anayezanso kachiwiri. Analemba kamzere ndi pensulo. Anatenga sowo n'kuyamba kudula.

Sowo inaterereka. Anayesanso. Inatererekanso. Manja anayamba kuwawa.

Achimwene anabwera pang'onopang'ono.

"Bweretsa ndidule," anatero.

"Musakhudze!"

"Nthawi ikutha, mchemwali."

Kanyerere anayang'ana sowo. Anayang'ana manja ake ofiira. Anapereka sowo, koma sanamwetulire.

"Dulani pamzere. Pamzere pomwepo!"

Achimwene anadula pamzere pomwepo.

Bambo anamangirira zitsulo pathabwa. Chachitali kumbuyo. Chawaya pakati. Chokolopera kutsogolo. Anakweza eriyo pansungwi yaitali. Achimwene anagwira nsungwi. Kanyerere ndi Bambo analowa m'chipinda.

3 koloko inakwana. Bambo anayatsa wailesi.

"Shiii! Kwerrr!"

Kanyerere anathamangira pawindo.

"Achimwene, mwalozetsa kumsika! Lozetsani kumapiri!"

Achimwene anazunguza nsungwi.

"Shiii!"

"Kumanja! Kumanja! Kodi simudziwa dzanja lodyera?"

Achimwene anazunguzanso.

"Mwapitiriza! Bwererani pang'ono! Basi! Imani pomwepo!"

Phokoso linachepa. Linachepanso. M'chipinda munangoti zii.

Kenaka mawu anamveka.

"Kodi mukundimva? Ndine mayi wa ana. Kodi mukundimva?"

Anali Amayi! Mawu awo anali ngati ali pakhomo.

Bambo anapatsa Kanyerere cholankhulira.

"Dina apa, ulankhule," anatero. "Ukatha, usiye."

Kanyerere anadina. Anali ndi nkhani zambiri.

"Amayi," anatero, "ndakwiya nanu!"

Anasiya kudina. Misozi inayamba kutsika.

"Ndikumva, mwana wanga," anatero Amayi. "Nena."

"Munati simuchedwa. Mwachedwa! Dzino langa linaguluka inu kulibe. Bambo satha kuluka tsitsi. Amandikoka!"

Bambo anakanda mutu.

"Pepa, mwana wanga," anatero Amayi. "Kuno odwala anachuluka. Inenso ndakusowa. Loweruka lililonse ndinkakuitana. Ndinkangomva phokoso."

"Munkandiitana?"

"Ndinkakuitana. Tsono tamvera. Namwino wina wafika dzulo. Ine ndibwera Lachitatu."

"Lachitatu lake liti?"

"Likubwerali."

Kanyerere anapukuta misozi. Anayang'ana pawindo. Achimwene anali chigwirire nsungwi. Dzuwa linkawawotcha. Thukuta linali kamukamu. Koma sanasunthe.

"Bambo," anatero Kanyerere, "kamangeni nsungwi ija. Achimwene nawonso alankhule."

Bambo anamanga nsungwi ndi chingwe. Achimwene analowa akuthamanga.

"Pepa za chitsulo," ananong'ona achimwene.

"Tayala lanu lili m'ngalande," anatero Kanyerere. "Tikalitola tonse."

Mitu itatu inaunjikana pa cholankhulira chimodzi. Bambo ankalankhula. Achimwene ankalankhula. Kanyerere ankalankhula.

Amayi anaseka. Kuseka kwawo kunadzaza chipinda chonse.

"Mmodzimmodzi, anthu inu!" anatero.

Kanyerere anagwira cholankhulira ndi manja awiri.

"Woyamba ndine," anatero. "Sindinamalize."