Mchira wa Nalimata

Kamlomo anali kabakha kakang'ono. Ankakhala ndi amayi ake. Amayi ake ankaphika mabanzi ogulitsa.

Kamlomo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuphika banzi lakelake.

Tsiku lina amayi anamulola. Anakanda ufa yekha. Anaumba yekha. Anawaza shuga yekha. Banzi linatuluka lopindika, koma linali lake.

"Tseka chitseko, ntchentche zingalowe," anatero amayi.

Kamlomo anatseka chitseko.

"Mayo ine, mchira wanga!" wina analira panja.

Anali Nalimata, mlesi uja wa pa khoma. Mchira wake unali pansi. Unkaphiriphitha wokha.

"Mwana wanuyu wandidula mchira," anatero Nalimata.

Amayi anakalipa. "Iwe Kamlomo, maso ako ali kuti?"

"Sindinawapane ine, amayi."

"Khala chete. Pepesa msanga."

"Pepani sapoletsa chilonda," anatero Nalimata. Diso limodzi linkalira. Diso linalo linali pa banzi.

Amayi anatenga banzi la Kamlomo. Anapatsa Nalimata. Nalimata anadya lonse, osasiya ndi nyenyeswa zomwe.

"Ndipo iwe usakhudzenso ufa wanga," anatero amayi. "Ulibe chisamaliro."

Kamlomo anakwiya. Anakwiya m'mawa. Anakwiya masana. Anakwiya posamba. Anakwiya ngakhale poseweretsa chidole chake. Za banzi zinamuwawa. Koma mawu a amayi anamuwawa koposa.

Panapita mwezi. Ufa sanaukhudze.

Tsiku lina epuloni ya amayi inang'ambika. Anapita nayo kwa a Nungu, atelala. Kamlomo anawaperekeza. Amayi analowa. Kamlomo anakhala pa benchi panja, mlomo uli ndwii.

Ndiye anaona Nalimata. Anali pafupi ndi chitseko. Anali ndi mchira watsopano, wautali, wonenepa.

A Nungu anakankha chitseko. Chitseko chinatsekeka. Sichinamukhudze Nalimata ngakhale pang'ono. Koma Nalimata anadzigwedeza. Mchira unagwa pansi.

"Mayo ine, mchira wanga!"

A Nungu anatuluka. Amayi nawo anatuluka.

"Mwandidula mchira, atelala," anatero Nalimata.

"Pepani, achimwene," anatero a Nungu. "Ndikupatseni chiyani?"

Nalimata anasuzumira m'kati. Pa makina osokera panali nthochi ziwiri zakupsa.

Kamlomo anapsa mtima. Nthenga zonse zinaima. Anafuna kumujompha. Anafuna kumuponda. Koma anameza malovu. Anatola mchira uja.

"Musalire, a Nalimata," anatero Kamlomo. "Pano ndi pa telala. A Nungu akusokerani mchirawu."

"Zoonadi," anatero a Nungu. "Ntchito yochepa imeneyo."

A Nungu anazula singano pa msana pawo. Inali yaitali. Anaiyang'ana, n'kuiika pambali. Anazula ina. Inali yaitali koposa. Analowetsa ulusi wakuda.

"Tembenukani, achimwene."

Misozi ya Nalimata inauma.

"Nthochi imodzi ingakwane," anatero.

"Nthochi siisoka mchira," anatero Kamlomo. "Tembenukani."

Singano inayandikira. Inayandikiranso.

"Musandibaye!" anakuwa Nalimata. "Umaphuka wokha. Ndimautaya ndekha. Suwawa n'komwe."

Amayi analoza mchira uja.

"Mchira umenewu ndi wachingati?" anafunsa amayi.

Nalimata anawerenga zala. "Wachisanu ndi chiwiri."

Tsopano amayi ndi amene anakwiya. Anakwiya kuposa Kamlomo. Anavula nsapato. Nalimata anathawira pa khoma. Anakwera mpaka kudenga. Anabisala kuseri kwa mtanda, wopanda mchira, wopanda nthochi.

Kunyumba, amayi anakhala pansi. Anamuitana Kamlomo.

"Ndinakulakwira, mwana wanga," anatero. "Unanena zoona. Ine sindinakumvere."

Kamlomo anayang'ana kumbali. Mkwiyo wa mwezi wathunthu sutha msanga.

Amayi anabweretsa beseni la ufa. Analiika patsogolo pake.

Kamlomo anakanda mokwiya. Anamenya ufa. Anaumenyanso. Anaumenya mpaka unafewa. Mtima wake nawo unafewa.

Anaumba mabanzi awiri. Limodzi linali laling'ono. Lina linali lalikulu.

"Lalikululi ndi la ndani?" anafunsa amayi.

"Langa," anatero Kamlomo. "Ndikadali wokwiya pang'ono."

Amayi anaseka. Anadya laling'ono lija osadandaula.