Maliro a Nankafumbwe

Mthunzi anakumana ndi Tamiwe pa siteshoni ya basi ku Kapata, ndipo mawu oyamba amene mtsikanayo anamuuza sanali a chikondi ayi.

"Achimwene, nkhope yangayi mwapempha kwa ndani?"

Mnyamatayo anali atakhala pa thumba la mtedza la eni ake, pepala pabondo, pensulo ili yakaliyakali. Ntchito yake inali imeneyo. Ankajambula timabuku ta Chiphaliwali, ngwazi ya mu Chipata, amene amapalasa njinga yonyamula anthu ngati wina aliyense, koma zinthu zikavuta amamanga chitenje chofiira m'khosi n'kuuluka pamwamba pa phiri la Kanjala. Timabukuto ankatichulukitsa pa fotokope. Ana asukulu ankatilimbirana, makondakitala nawonso, ngakhale makalaliki a m'maofesi amene ankanamizira kuti akugulira ana awo.

Koma Chiphaliwali anthu ankangomulemekeza chabe. Amene ankawakonda zenizeni anali adani ake. Panali Bwana Sikelo wa suti ya malata, wobera alimi a mtedza. Panali Mai Mjedo a makutu ngati malichero. Ndiye panali mkulu wa onsewo, Nankafumbwe, wovala masaka ndi chigoba cha mphuno yaitali, woboola nkhokwe za anthu. Nkhope yake yeniyeni panalibe amene anali ataiona.

Mthunzi anali ndi vuto limodzi. Nkhope yongoganizira m'mutu sinkamutulukira, akayesa munthu ankaoneka ngati mbatata. Choncho nkhope ankaziba pa siteshoni, kwa anthu odikira basi, mwinimwini osadziwa.

Tamiwe analanda pepalalo, n'kuliyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene munthu wokwiya amayang'anira. Kenako anati mphuno ili bwino koma diresi ndi yabodza, iye ndi telala ndipo diresi yotere ingavalidwe ndi botolo lokha. Anamuuza kuti afufute.

"Labala wanga wachita manyazi, chemwali," anatero Mthunzi. "Akuti pa nkhope iyi palibe chofufuta."

Mtsikanayo anatsonya. Koma pepala sanabweze, ndipo basi yake inamusiya akutsonyabe.

Zinayamba choncho. Posakhalitsa Tamiwe ndiye ankasoka zovala za Bwana Sikelo ndi anzake, zimene anyamata ankavala potsatsa timabuku mu msika. Mafoni awo sankapuma.

"Tami wanga, shuga wa mu tiyi wanga," ankalemba Mthunzi, "Chiphaliwali amauluka, koma ine ukandiyang'ana ndimaiwala ndi kuyenda komwe."

Yankho linkabwera lalifupi: "Wabodza wanga, wadya?"

Kodi pali mawu okoma kuposa amenewo?

Tsiku lina akubwera ku dambo la Lunkhwakwa, Mthunzi ananena za ukwati. Tamiwe sanakane, koma anaima n'kumuuza nkhani ya amalume ake, a Philemon, mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo ku Tamanda. Iwo ndiwo anamulera makolo ake atamwalira, iwo ndiwo anamugulira makina osokera. Akazi awo anamwaliranso, ndipo ankakhala okha. Popanda mawu awo, anatero Tamiwe, ukwati kulibe.

Mthunzi anadziguguda pachifuwa. "Sindidzakuchititsa manyazi pamaso pa abale ako, duwa langa. Ndikulonjeza."

Nthawi yomweyo owerenga anali atamutopetsa. Kulikonse kumene wapita, funso linali limodzi: Nankafumbwe adzavula liti chigoba? Mthunzi anaona kuti nthawi yakwana, n'kupita ku siteshoni kukasaka nkhope. Mwayi wake, kapena tsoka lake, anapeza bambo wina wachikulire akukalipira kondakitala chifukwa chopondetsa thumba la chimanga. Nsidze zonga tsache, magalasi omangidwa ndi waya, khutu limodzi lopindika, chala chili m'mwamba. Mthunzi anathokoza Mulungu. Nkhope yotere siipezeka kawiri.

Kabuku koonetsa Nankafumbwe atavula chigoba, ali ndi nkhope imeneyo, kanatha ngati mandasi otentha. Tamiwe sanakaone, anali atakwiririka ndi mayunifolomu a sukulu, ndipo Mthunzi anafuna kukamupatsa mu basi pa ulendo wawo wokaonekera ku Tamanda. Mu basimo anaiwala, chifukwa ankaloweza mawu aulemu.

Atafika, Tamiwe anagwada pakhomo n'kuodira. Chitseko chinatseguka. Kunatuluka nsidze zonga tsache, magalasi omangidwa ndi waya, khutu limodzi lopindika.

Mthunzi anawazindikira nthawi yomweyo bambo aja a pa siteshoni.

A Philemon sanakalipe. Anawapatsa mipando, anafunsa za ulendo, kenako anatulutsa kabuku m'thumba la jekete n'kukaika pa ntchafu za Tamiwe. Anafotokoza mofatsa kuti Lamulungu lapitalo, akulowa m'tchalitchi kukawerenga mawu, ana a Sande sukulu anafuula kuti Nankafumbwe wafika, bisani chimanga. Mpingo wonse unaseka, abusa anadzibisa kuseri kwa buku la nyimbo.

"Ndiye mwana wanga," anatero, akuyang'ana Tamiwe yekha, "mlendo wathuyu amagwira ntchito yanji?"

Tamiwe anatsegula kabukuko, n'kutseka. Misozi inagwera pa nkhope ya Chiphaliwali. Pobwerera anakwera basi zosiyana.

Madzulo ake meseji inalowa: "Munthu amene anandilera wamusandutsa choseketsa ana. Unalonjeza, Mthunzi. Usandiimbirenso."

Mthunzi anaimba, foni sinayankhidwe. Anapita ku shopu ya Tamiwe, anapeza zovala za Bwana Sikelo zitapindidwa bwinobwino mu pulasitiki, zitasiyidwa panja. Analemba kuti, "Tami, mtima wanga wauboola ngati nkhokwe." Anangoona kuti wawerenga. Nsima inasiya kutsika, pensulo inasiya kuyenda. Kodi munthu amapepesa bwanji kwa nkhope imene yafika kale m'nyumba iliyonse ya mu Chipata?

Ndiye anaganiza nzeru, nzeru imene iye anaiona ngati yaikulu kwambiri. Popeza Nankafumbwe ndiye wabweretsa manyazi, Nankafumbwe afe. Ankadziwa kuti akupha munthu amene ankagulitsa timabuku take, kuti popanda iye Chiphaliwali adzangotsala wopalasa njinga wovala chitenje. Koma Tamiwe anali woposa zonsezo.

Anajambula ndi mtima wonse, ndipo kumeneko ndiko anaonjezera. Pachikuto anaika bokosi lotsegula, nkhata za maluwa, ndi nkhope ija ili phee, maso otseka, magalasi ali pomwepo. Pamwamba analemba mawu awiri okha: WATISIYA LERO. Sanajambulepo chinthu chofanana ndi munthu ngati chimenecho.

Kabukuko katatuluka, m'mawa wotsatira foni yake inalira. Anali Tamiwe.

"Bwera ku Tamanda lero lomwe. Wapha amalume."

Mthunzi sakumbukira mmene anakwerera basi. Njira yonse ankaona a Philemon akutsegula kabuku, akugwira pamtima, akugwa. Atatsika anapeza masamba aikidwa pamsewu, chizindikiro cha maliro. Anamva nyimbo za amayi a chigwirizano. Anaona utsi wa mafuwa, mitolo ya nkhuni, maminibasi ataima m'mbali mwa mpanda, anthu ali mbwee mpaka m'munda. Anavula kapusi, n'kuyenda ngati munthu wopita kukamangidwa.

Tamiwe anamuchingamira pa mpanda, maso ofiira, chitenje m'chiuno.

"Tami, ndikhululukire. Thupi lili kuti?"

"Thupi likudya mbatata pansi pa mtengo wa mango," anatero Tamiwe.

Mthunzi anayang'ana. A Philemon anali khale pa mpando wa ndalema, jekete la ku tchalitchi lili pathupi, kapu ya tiyi m'manja, anthu atawazungulira.

Tamiwe anamulongosolera mwachangu, mano ali gwa. Munthu wina anajambula chikuto chija pa foni n'kutumizira mnzake. Chithunzicho chinayenda mpaka ku Chipangali, kwa abale amene za Chiphaliwali sanazimvepo, ndipo iwo anangoona nkhope ya mbale wawo m'bokosi. Kwathu kuno uthenga wa maliro safunsa kawiri, umangomanga chitenje n'kunyamuka. Anaimbira a Philemon, foni inali yozima monga mwa masiku onse, ndiye anati basi, ndi zoona. Mwini malirowo anali ku dimba kuyambira mbandakucha. Pobwera, khasu paphewa, anapeza amayi akugubuduka pabwalo pake, ndipo anafunsa mwaulemu kuti wamwalira ndani. Amayi ena mpaka pano sanapezeke, anathawira m'chimanga.

"Ine ndalira njira yonse kuchokera ku Chipata," anatero Tamiwe. "Ndalira zenizeni, Mthunzi. Ukudziwa zimenezo?"

Asanayankhe, chala chija chinakwera m'mwamba. A Philemon anali atamuona.

Anthu anapatuka. Mthunzi anakagwada pa fumbi, mutu pansi, akudikira chilichonse, ngakhale khasu. Anayamba kupepesa, koma mkuluyo anamudula.

"Mnyamata iwe, choyamba unandisandutsa wakuba chimanga. Ndisanapume, wandipha. Ukadzalowa m'banja muno udzatichita chiyani?"

Anthu ena anatsokomola pobisa kuseka. A Philemon anamwa tiyi pang'ono, n'kuloza khamu lija ndi kapu. Anati chimwalirireni mai a kunyumba, pakhomo pano pamabwera mbuzi zokha. Ankayesa kuti ana onse amene anawaphunzitsa anawaiwala, kapena amangokumbukira chikoti. Koma lero taonani: uyo ndi namwino wachokera ku Katete, uyo amayendetsa malole, uyo anali wosamva kuposa onse ndipo pano ndi mbusa. Onse anabwera atakonzeka kulankhula pa manda.

"Ndiye ndawauza kuti mawu asaonongeke, alankhule ndili pompano. Ndamva mbiri yanga ndi makutu angawa, lopindika lomwe. Sindinkadziwa kuti ndinali munthu wabwino chotere."

Pamenepo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi, ndipo palibe amene anaseka.

Atawavalanso, ukali unabwerera. Mlandu ndi mlandu, anatero, ndipo chilango chilipo. Nankafumbwe auke, chifukwa iwo sangamayende mu Chipata anthu akuwathawa ngati mzukwa. Akauka, asiye kuba chimanga cha amphawi, akaboole nkhokwe za Bwana Sikelo, amene iwo sanamukondepo chiyambire.

Mthunzi anadzutsa mutu. Chiyambire?

"Ukuyang'ana chiyani? Ndinalanda timabuku tako kwa ana a Sande sukulu, ndiye ndikanatitaya osawerenga? Ndiponso ameneyu Chiphaliwali amapambana kwambiri. Kamodzi kokha Nankafumbwe amugwetse m'ngalande."

"Amugwetsa, bambo," anatero Mthunzi. "Ngakhale kawiri."

Bwalo lonse linaphulika. A Philemon anadikira phokoso lithe, kenako anati pali nkhani ina. Abale onse a Tamiwe ali pano, a ku Chipangali ndi a kutali omwe, anthu amene ukawaitanira chinkhoswe amadwala mwadzidzidzi. Mbuzi yaphedwa kale, ndipo siingauke ngati iwo. Kodi mnyamatayu ali ndi ankhoswe, kapena nawonso anawajambula m'bokosi?

Mthunzi anati ali ndi amalume ake, a Jonah, ku Kapata, ndipo akawaimbira afika dzuwa lisanapendeke.

"Usandiuze ine," anatero mkuluyo. "Ine ndine malemu. Funsa mwini wake."

Maso onse anatembenukira kwa Tamiwe. Iye anali ataima pafupi ndi mafuwa, manja atapinda, ndipo sanafulumire. Anamusiya Mthunzi ayende ndi maondo pa fumbi, pamaso pa amayi a chigwirizano, abusa, namwino ndi woyendetsa malole.

"Tami wanga," anatero Mthunzi, "ndinapha Nankafumbwe kuti ubwerere. Ndilibenso china choti ndiphe. Ndatsala ndekha, ndipo ndine wako."

Tamiwe anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka ku maondo oyera ndi fumbi. Milomo yake inkalimbana ndi kumwetulira, ndipo inkagonja.

"Kuyambira lero, chilichonse chimene wajambula chizidutsa m'maso mwanga chisanapite ku fotokope. Wamva?"

"Ndamva, mayi."

"Ndiye ukudikira chiyani? Imbira a Jonah. Uwauze avale jekete."

Amayi omwe aja amene anafika akulira ndiwo anayamba nthungululu, mawu ali osasa. Anyamata anathamanga kukachotsa masamba pamsewu. Oimba anafunsa abusa ngati nyimbo ya maliro ingathe kuimbidwa mofulumirirapo, abusa anati ayese. Ndipo m'chimanga muja munayamba kutuluka amayi mmodzimmodzi, akusuzumira, akufunsa ngati malemu akadalipo.

A Philemon anaimirira, n'kukweza kapu yawo ya tiyi.

"Ndilipo," anatero. "Bwerani mudzavine, mwana wanga akukwatiwa!"